Ambulera Pakati pa Mapasa

A Mawotchi, omwe ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ya nsalu, anagula kamera yawo pa 14 Malichi 1979 kwa mphunzitsi wina amene ankasamuka. Inali yachitsulo, yolemera ngati simbi, ndipo inali ndi khalidwe lake. Ukasuzumira pakawindo kake koonera, pakati pamakhala kabanga kachikasu, ndipo m'menemo munthu amaoneka pawiri. Umapotokola mphete ya galasi mpaka awiriwo asanduke mmodzi, kenako n'kudina. Kwa zaka 36 a Mawotchi sanaphonyepo, ndipo kuseri kwa chithunzi chilichonse ankalemba tsiku ndi anthu ake, kuyambira kumanzere.

Pa 6 Juni 2015 kunabwera alamu awo, amene anabadwa mapasa ndi akazi awo. Awiriwo anali asanaonane kwa zaka 22. Basi yobwerera inali ya 3 koloko, ndipo filimu inatsala ya chithunzi chimodzi chokha. Amayiwo anavala dala madiresi ofanana, n'kukhala pabenchi masaya atagundana.

A Mawotchi anasuzumira. Nkhope zinayi! Anapotokola mphete, zinatsala zitatu. Anabweza, zitatu zomwezo.

"Koma ndikuphatikiza ndani ndi ndani?" anadandaula.

"Mwakalamba alamu," anatero mmodzi. "Akazi anu omwe mwawaiwala?"

"Wayankhulayo ndani?"

"Ine!" anayankha onse awiri, n'kufa nazo nseko.

Nthawi inali itakwana 2:35. A Mawotchi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ambulera yopinda.

"Wina agwire iyi, iimirire pakati panu."

Chinthu chowongoka sichinama. Maambulera awiri anakumana n'kukhala imodzi, ndipo a Mawotchi anadina. Basi ija alamuwo anaipeza ikuliza kale hutala.

Chithunzi chinabwera kuchokera kotsukitsa pa 29 Juni, chooneka bwino mpaka makwinya a m'maso. A Mawotchi anatenga cholembera.

"Mayi, wagwira ambulerayi ndinu eti?"

Akazi awo anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchipendeketsa.

"Ndine. Ayi, ine ndinali cha kukhomo. Kapena khomo lili mbali inayi?"

Anaimbira foni alamu. Iwo anati anagwira ndi iwo, kenako anati mwina ankangofuna kugwira koma mnzawo anawatsogolera.

Chithunzicho chilipo mpaka lero, pamwamba pa kabati. Kuseri kwake kuli tsiku, ndipo m'munsi mwake a Mawotchi analemba chokhacho chimene anali nacho chitsimikizo: "Pakati: ambulera yanga."