Khasu la a Kaitano a ku Nyakalambo

Yendani ku Beira, ku Joni, ngakhale ku Halale, simudzapeza mkhristu wonga a Kaitano Nyamizinga. Iwo anabadwira ku Nyakalambo, mudzi wa m'madambo a kwa Nyachikadza, kumene mbatata inkakula ngati mutu wa mwana, nsomba n'kumadyetsa agalu. Ali mnyamata ankatumikira pa Misa m'katchalitchi ka bango, ndipo atakula analowa m'gulu la adzukulu okumba manda. Pamudzipo panali mwambo wolimba: wa ku Nyakalambo saikidwa ndi alendo.

M'zaka za chipani chimodzi, mtsinje wa Shire unasefukira n'kudya mudziwo, tchalitchi ndi manda omwe. Anthu anabalalika, ena ku Bangula, ena kukadula nzimbe, ena kutsidya ku Mozambiki. A Kaitano anapulumutsa khasu ndi kolona basi. Chiyambire pamenepo, akangomva kuti wakwawo wamwalira, ankanyamuka wapansi, dzuwa la kuchigwa lili phwee, kukakumba manda ndi kutsogolera mapemphero.

Tsiku lina achinyamata a chipani anawaimitsa pamsika wa Bangula.

"Madala, khadi lili kuti? Nanga khasulo mukukalima m'sitolo?"

"Khadi ndi ili, ana anga. Koma kumene ndikukaperekeza mnzanga safunsako khadi."

Anyamatawo anaseka n'kuwapatsa njira.

Akazi awo, mai Dorika, ankadandaula. "Bambo, mwakwirira mudzi wonse. Nanga inuyo adzakukumbirani ndani? Ana tilibe."

"Mulungu sasowa wogwira khasu, mai," ankayankha motero. Komabe funsolo linkawalemera, pakuti anzawo ankatha mmodzimmodzi, ndipo ana a anzawowo mudziwo ankangoumvera dzina.

Manja atayamba kunjenjemera ndi ukalamba, ankakhala m'mbali mwa dzenje n'kumalangiza okumba. Anamwalira mwamtendere pansi pa mtengo wa masawu, atalandira masakramenti.

Uthenga unayenda chigwa chonse. M'mawa mwake mai Dorika anaona amuna osawadziwa nkhope akufika, ena panjinga, ena pabwato, aliyense ndi khasu lake. Adzukulu a pamudzi pomwe banjali linkakhala atati ayambe kukumba, mmodzi wa ofikawo, wodula nzimbe, anagwada n'kuthokoza m'chinenero cha kwawo.

"Takhuta, akuluakulu, koma pumulani. Awa ndi a ku Nyakalambo. Anaika makolo athu, ndipo ifenso ndife a komweko."

Mudzi umene madzi anadya unasonkhananso tsiku limenelo, n'kuika munthu wake.