Ng'ona Yovala Magalasi Kuseri kwa Mayeso

Pamene ndinali mphunzitsi ku Chipoka, ndinatha zaka zinayi ndikujambula buku la nthano ya zithunzi. Linkanena za ng'ona yovala magalasi imene inkauluka pa bwato kukasaka mvula yobisidwa ndi mitambo. Anthu a m'nthanomo ndinkawapatsa mitu ikuluikulu ngati maungu ndi miyendo yoonda ngati bango. Mithunzi ndinkaipanga ndi timadontho ta bolopeni, moti tsamba limodzi linkanditengera mlungu wathunthu.

Cholakwa changa chinali chakuti, posowa mapepala oyera, ndinkajambula kuseri kwa mapepala a mayeso ochongedwa kale. Kumeneko teremu ikatha, amayi ogulitsa nsomba zokazinga amayenda m'nyumba za aphunzitsi kupempha mapepala okulungira malonda. Tsiku limene anafika kwathu, ine ndinali ku boma. Akazi anga ataona inki yofiira pamwamba pa mulu wa mapepala angawo, anaupereka wonse.

Ndinazindikira patapita masiku awiri, ndipo ndinathamangira kumsika. Mayi wina ananditambasulira tsamba lonyowa ndi mafuta.

"Kani ndi zanu izi, aphunzitsi? Makasitomala aseka nazo zedi! Ena akumayamba asankha pepala, chambo pambuyo."

Ndinapeza masamba atatu okha. Ndayesapo kuyambiranso, koma dzanja langa tsopano limanjenjemera. Akazi anga sindingawaimbe mlandu, pakuti pa zaka zonsezo sindinawaonetsepo ntchitoyo, poopa kuti andiseka. Mpaka lero amapepesabe.