Chaka chimene achimwene anasanduka dzira

Ndikukumbukira chaka chimene achimwene anga a Fanuwelo anawapeza ndi matenda a shuga. Tinkakhala ku Soche, tonse tili kupulayimale. Atangotuluka m'chipatala, amayi anawayalira mphasa pakhonde n'kulamula kuti wodwala sagwira ntchito, sathamanga, ndipo mpira asaulote n'komwe. Ndikulumbira, ngakhale kuyasamula ankayamba apempha chilolezo.

Ndowa yawo yotungira madzi inagwera ine, kuchigayo ine, kumakala ine. Koma Mulungu saiwala anthu ake. Kwathu kuno wodwala sukamuona chimanjamanja, ndiye azimayi akutchalitchi ndi abale athu a ku Nsanje okhala ku Mbayani ankabwera ndi mabanzi ndi mabotolo a zakumwa zotsekemera. Kwa munthu wa shuga! Amayi ankalandira mogwada, ndipo alendo akangokhota, ine ndinkateteza moyo wa achimwene pomeza zonse. Ndinadzipereka kwambiri chaka chimenecho.

Achimwene ankangofota. Anzawo akamamenya chikulunga pabwalo, fumbi lili koboo, ankasuzumira pampata wa mpanda, mwendo ukugwedezeka wokha. Jakisoni ankabaya mokhulupirika, koma shuga ankangokwera ngati mtengo wa minibasi kukagwa mvula.

Tsiku lobwerera kuchipatala ndinawaperekeza. Anamwino anayang'ana kamakina koyezera, n'kufunsa amayi, "Kodi mwanayu amasewera?"

"Ayi, asisitala, timamusamala," amayi anayankha monyadira. "Ngakhale tsache sagwira."

"Mayi, mwana si dzira. Azithamanga. Minofu ikamagwira ntchito imadya shugayo, mankhwalanso amagwira bwino. Azidya kaye asanapite kumpira, m'thumba muzikhala switi. Akamva kunjenjemera aime, adye."

"Nanga akagwa?"

"Adzuka. Mphasayo ndi imene ikumumaliza."

Mawa lake amayi anavomera, koma kumpirako anapita nawo. Anaima pambali pa bwalo, switi atamangirira kunsonga ya chitenje, n'kumakalipira aliyense woyandikira: "Iwe, usamugunde, ngodwala ameneyo!" Palibe anayerekeza. Achimwene anagoletsa mpaka wapagolo anapita kwawo kukadya, pobwera anapeza akugoletsabe. Funsani ku Soche, akuuzani.

Posakhalitsa shuga anayamba kumvera, nkhope inawala, usiku ankagona ngati mwala. Alendo anasiya kubwera. Maliro a mabanzi ndinalira ndekha.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ku Limbe anthu amalipira kuti athamange pa lamba wa makina olimbitsira thupi osafika kulikonse, ndipo ana a shuga amasewera mpira popanda mayi woopseza anzawo. Achimwene amakwera phiri la Soche Loweruka m'mawa, jakisoni ali m'kachikwama, akuimba mluzu. Ine, yemwe ndinali wathanzi m'banja muja, adokotala andiuza posachedwapa kuti shuga wayamba kugogoda, mimbayi ndiichepetse.

Ndinapita kukawauza amayi, nkhope nditaigwetsa bwinobwino, ndikuganiza kuti nthawi yanga ya mphasa ndi mabanzi yakwana. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi ndowa.