Zione Atagwa pa Phiri la Chipale

Fungo la chimanga chachiwisi chowotcha limandibwezabe ku dzinja lija, pakhonde la sitolo ya a Saidi m'tauni ya Chipata. Ine ndi amayi tinachoka ku Madzimoyo m'mawa, matope ali thapsa m'miyendo, kuti tikaone msuweni wanga Zione pa TV.

Zione anali mwana wa amalume. Iwo anapita kalekale kukagwira ntchito m'kadziko kena kakang'ono ka m'mapiri a ku Ulaya n'kukwatira komweko, choncho mwanayo tinkangomudziwira pa zithunzi. Chaka chimenecho anali m'kagulu koimira kadzikoko pa mpikisano wa mayiko wotsetsereka pa chipale chofewa. Kaguluko kanali kochepa moti minibasi ya ku Kasenengwa kakanaisiya ndi malo.

A Saidi anatiikira benchi pakati pa matumba a mchere ndi zigubu za saladi, mafuta ophikira. Mvula inkalindima pa malata, m'sitolo mukununkha sopo ndi kapenta. Pa TV phiri linali mbee ngati thonje, anthu akutsika ngati mphezi, timatabwa tatitali tili kumapazi. Dzina la Zione litaoneka, amayi anandifinya dzanja. Zione anatsika bwino, uku akhota, uku akhota. Kenaka tabwa limodzi linathawa, iye n'kukunkhunizika mpaka kukakodwa mu ukonde wa m'mphepete. Pomwepo chiphaliwali chinang'anima, magetsi thii.

Amayi anatulutsa kolona n'kuyamba kupemphera. A Saidi anawapatsa tiyi, koma tiyiyo anazizira osakhudzidwa. Mvula ikukata, foni ya amayi inalira. Anali amalume.

"Achimwene, mwana ali bwanji?"

"Ali bwino, mlongo wanga. Wadzuka yekha, akuyenda. Akungolira kuti sanamalize."

Amayi analuluta mpaka ogula anasuzumira pakhomo. "Alhamdulillah," anatero a Saidi, n'kuyamba kumwa okha tiyi wozizirayo. Pobwerera amayi ankapatsa moni aliyense m'njira, ndipo masabata otsatira ankapalira mtedza akuimba nyimbo zakwaya.

Ine ndinauza kalasi yonse kuti msuweni wanga wapambana, pakuti kwathu nthungululu zotere zinkamveka munthu akakhoza mayeso. Panopa ndili ndi ana anga, ndipo akachedwa panjira ndimaima pachipata. Akatulukira pakona, sindifunsanso kuti akhala nambala chani.