Makina Osokera a Pawindo

Ku Nkaneng, kufupi ndi migodi ya Rustenburg, ndinkakhala moyandikana ndi bambo ena achikulire a ku Tete, omwe ntchito ya mumgodi inali itawathera. Loweruka lililonse ndinkawaperekeza pa takisi ku Rustenburg kukaona makina osokera omwe ankafuna kugulira akazi awo kumudzi. Ankaima pawindo la sitolo ngati akuzonda wodwala, ndipo mtengo wake ankaudziwa pamtima.

Tsiku lina tinapeza chipepala chofiira chonena kuti mtengo watsika ndi theka. Bambowo anavula chipewa ndi chimwemwe, koma atayang'anitsitsa anangoti kukamwa yasa. Mtengo wotsikawo unali womwe uja wa masiku onse. Mtengo wokwera womwe anaukhwatcha pachipepalapo ngati wakale tinali tisanauonepo n'kale lonse.

Ndinapsa mtima. Ndinalowa n'kukalipira mtsikana wogulitsa ngati sitoloyo ndi yake. Iye anangoyang'ana pansi n'kunong'ona m'Chizulu: "Lamulo limaletsa zimenezi. Kadandauleni ku ofesi yoteteza ogula, koma mwina akafuna pasipoti."

Pasipoti! Yanga inali itatha kalekale, ya bambowo chimodzimodzi.

Bambowo anavala chipewa chawo. "Tiye, mphwanga," anatero. "Akuba aika bodza lawo pawindo masanasana. Oyenera kubisala ndife."