Kapinga wa Bwalo la Harlan Street

A Wendell Pruszka adayamba kupita ku bwalo la Harlan Street la besibolo, mpira womenya ndi chibonga, ali pamapewa pa bambo awo, ndipo adakalambira pampando umodzimodzi, kuseri kwa mzati wachitsulo umene unkabisa theka la masewero. Anthu anzeru zawo ankaukana mpandowo. A Wendell ankangopendeketsa khosi, mpaka lidazolowera kupendeka ngakhale m'tchalitchi. Zaka makumi atatu adayendetsa basi ya mumzinda, koma nkhani zawo zonse zinali za pabwalopo.

Akazi awo a Dolores adawapezanso komweko, akugulitsa soseji za m'mabanzi. Timu ya pabwalopo inali yongoluza chaka ndi chaka, koma awiriwo adaikakamira ngati nkhupakupa. A Dolores atadwala kwambiri adanena mosabisa kuti mtembo wawo adzauwotche, phulusa akalimwaze pa kapinga wa kumanzere kwa bwalo. Malamulo ankaletsa zimenezo. Mwamwayi wosamalira kapingayo, Augie Brandvold, anali mnzawo wa a Wendell kuyambira ku sukulu. A Dolores atamwalira, m'mawa wina Augie adawatsegulira a Wendell kageti ka kuseri, n'kuyang'ana kumbali iwo akumwaza phulusalo, kenako adathirira yekha madzi pamalopo.

"Usadandaule, mdala," adatero Augie. "Ine ndili moyo, alamu angawa palibe wowasuntha pano."

Kuchokera apo a Wendell ankafika msanga tsiku lililonse la masewero, kukawauza akazi awo amene aponye mpira lero.

Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, eni timu adamanga bwalo lina kunja kwa mzinda, nati lakaleli aligwetsa. A Wendell adalemba makalata, adaguba ndi zikwangwani, koma zonse zidapita pachabe. Adadzitonthoza kuti makoma agwe, nthaka siipita kulikonse, ndipo Augie alipo.

Lolemba lotsatira masewero omaliza adapita kukacheza ndi akazi awo. Adapeza kumanzere konse kuli dothi lokhalokha. Kapinga adamusenda, n'kumuduladula, ndipo pageti anthu anali pamzere kugula tizidutswa m'timabokosi, aliyense kachikumbutso kake. Pamakina osenderawo padakhala Augie, atavala jekete ya bwalo latsopano.

"Augie! Ukudziwa amene anali pamenepa iwe?" adakuwa a Wendell.

"Ndi ntchito, mdala. Ndikanakana akanatuma wina."

"Nanga kungondiimbira foni? Zala zinathyoka?"

"Ndimakudziwa iwe. Ukanabwera kudzalalata, n'kuulula zonse. Ine andichotse ntchito chifukwa cha phulusa?"

Mawu amenewa ndi amene adawalasa mtima. Eni timu sankawadziwa n'komwe a Dolores, koma Augie adavina paukwati wawo, ndipo Lamulungu lililonse ankadya patebulo pawo mpaka kunyambita zala.

Augie adatsika pamakina, natola kabokosi kamodzi pamulu.

"Tenga aka. Kaulere. Usauze munthu."

A Wendell adakayang'anitsitsa. Udzu wake unali wobiriwira bwino, ukadali wonyowa.

"Aka kachokera mbali iti?"

Augie adakanda m'mutu. Adati onyamula adasakaniza zonse m'lole, za kumanzere ndi za kumanja zomwe.

A Wendell adakabwezera pamulu. Adakaima pageti, chipewa chili m'manja, kuyang'ana anthu osawadziwa akulowa m'magalimoto, aliyense ndi kabokosi kake. Adasowa kuti atsanzike galimoto iti.