Mizu ya Mango pa Msewu wa ku Chikwa

Damaris Goma, amene anthu a ku Chikwa ankawatchula kuti a NyaGoma, sanabzale mtengo wa mango umene unawazunza. Anaupeza uli waukulu kale pamene ankakwatiwa pamudzipo. Amene anaubzala ndi apongozi awo, msewu ukadali kuseri kwa chulu. Chaka china woyendetsa giredala yosalaza msewu anaona kuti kuchuluko n'kolimba, basi anakhotetsa msewu n'kuudutsitsa m'mbali mwa mtengowo.

Amuna awo atamwalira, a NyaGoma anayamba kugulitsa zitumbuwa ndi mpunga wophika pamthunzi pomwepo. Anthu odikira malole opita ku boma ku Chama ankaswera pamenepo, ndipo ana awo onse anaphunzira ndi zitumbuwa zimenezo.

Mu 1994 mizu inatumphuka pamsewu ngati misana ya ng'ona. Muzu wina unalowa pansi pa paipi yodutsamo madzi n'kuiphwanya. Mvula itagwa, madzi anasowa njira, anakumba chidzenje pakati pa msewu. Posakhalitsa kapitawo wa okonza misewu, a Robson Kumwenda, anatulukira pa njinga.

"Amayi, mtengo uwu ndi wanu?"

"Ndi wa apongozi anga."

"Apongoziwo ali kuti?"

"Kumanda."

"Ndiye ndi wanu. Waononga msewu wa boma. Muudule, dzenjeli mukwirire."

"Inetu mtengo sindinautume," anatero a NyaGoma. "Msewu ndi umene unaulondola mtengo. Munaonapo mtengo ukuyenda?"

A Robson anati iwo sanabwerere mbiri yakale, anangopalasa njinga yawo, poti sanatsikepo n'komwe.

A NyaGoma anaitana alamu awo, a Abraham, kuti abwere ndi nkhwangwa. Atangotema khungwa, a Cyprian Zimba oyang'anira za mitengo, amene tsikulo ankadikira lole pamthunzi womwewo, anadzambatuka.

"Imani! Wakulolani ndani? Mtengo woyandikana ndi msewu chonchi ndi wa boma."

"Manje wasanduka wa boma?"

"Eya."

"Ndiye bomalo likwirire dzenje la mtengo wake."

"Za maenje si zathu, amayi. Funsani a Robson."

A NyaGoma anaganiza zopita okha ku Chama kuti akawakhazike awiriwa pamodzi, aliyense akanene mawu ake mnzake akumva. Anakwera lole, pamwamba pa matumba a thonje, anafika fumbi lokhalokha. Kumeneko anauzidwa kuti wina ali ku msonkhano ku Chipata, winayo wapita kumaliro ku Lundazi. Anabwerera miyendo itatupa.

Pamenepo n'kuti malole atayamba kulambalala dzenje lija podutsa m'munda mwawo mwa nsawa. Madalaivala ankadya zitumbuwa zawo kwinaku akutukwana mtengo wawo. Nthawi ya mango mudzi wonse unkabwera ndi ndodo zazitali, ana ndi akulu omwe, palibe wopempha. Koma atawauza kuti tiyeni titute miyala tikwirire dzenje, aliyense anali ndi msana wowawa. Amene anabwera ndi a Tryness okha, mnzawo wa kukwaya.

"Anthu awa andiwonera umasiye," ankatero a NyaGoma, mwala uli pamutu. "Akanakhalapo bambo a kunyumba, Robson akanalankhula atatsika njinga."

Chilimwe cha 1996 mtima unawakwana. A Cyprian analetsa kudula mtengo, za mizu sananene. A NyaGoma anakumba ngalande m'mbali mwa msewu, nadula muzu uliwonse wolowera kumeneko, mpaka zikhatho zinachita matuza. Dzenje anamaliza kukwirira ndi a Tryness. Malole anabwerera mumsewu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wonena zikomo.

Mu Januwale kunagwa mvula ya mkuntho masanasana. Mtengo uja, poti mbali imodzi unalibenso chogwirira, unapendama n'kugwera kunyumba. Unaphwanya khitchini ndi nkhokwe ya chimanga. Mwamwayi a NyaGoma anali kudimba. Chitsa pozuka chinang'ambanso m'mphepete mwa msewu.

Ulendo uno a Robson ndi a Cyprian anabwera tsiku limodzi, popanda wowaitana. A Cyprian anasuzumira mizu yodulidwa ija, anati, "Amayi, mwapha mtengo wa boma." A Robson anayeza dzenje latsopano ndi ndodo, anati, "Ili ndiye lanu ndithu."

"Chabwino," anayankha a NyaGoma, chitenje atamangira m'chiuno. "Inu a Zimba, chotsani mtengo wanu pankhokwe panga. Inu a Kumwenda, tengani msewu wanu muubweze kumene unachokera. Mukatero tikambe za dzenje."

A Cyprian anati macheka anawonongeka. A Robson anati mafuta a giredala kulibe. Anatsanzika mwaulemu, nanyamuka akucheza. Mtengowo anauchotsa ndi anthu ofuna nkhuni, sabata isanathe panatsala masamba okha.

Nkhani ya dzenje inangozirala, madalaivala ankaponyamo nthambi akamadutsa. A NyaGoma anasamutsira malonda awo kuchigayo, kumene phokoso linkawachititsa kukuwa pogulitsa, pansi pa kamthunzi ka masaka. Mwana wawo Towela, amene anakwatiwa ku Lundazi, anawachonderera kuti akakhale naye. Iwo anakana kuti sachoka mpaka wina adzamange nkhokwe yawo. Anadikira chaka chathunthu. Chimanga chitayamba kufumbwa m'nyumba, anatenga chikwanje, anapita kukadula nsungwi okha.